Pokémon Uranium: pamene ikukoma ndi pamene ikutsimphina

Pokémon Uranium si gemu ya Nintendo kapena ya Game Freak, makampani amene amatulutsa magemu enieni a Pokémon, ndipo simungaipeze m'sitolo. Inapangidwa ndi anthu wamba okonda Pokémon, motsogozedwa ndi awiri amene amadziwika ndi mayina a pa intaneti akuti JV ndi Involuntary Twitch. Ntchitoyi anaikoka zaka 9, mpaka pa 6 Ogasiti 2016 pamene anatulutsa gemu yathunthu, yaulere. Patangotha sabata imodzi anthu anali ataidawuniloda kokwana 1.5 miliyoni, makalata a maloya a Nintendo anali atayamba kufika, ndipo eni akewo anachotsa malinki. Mbiri imeneyi ndi imene imachititsa anthu ambiri kuitama mopyola muyezo, poti chinthu chikaletsedwa aliyense amaganiza kuti chinali chapamwamba koopsa. Kunena chilungamo, gemuyi ndi yabwino ndithu, koma zofooka zake si zazing'ono, ndipo chimene chimaikometsa kwambiri ndi chomwechonso chimene chimaiwononga.

Choyamba, iyi si ROM hack, ngakhale ambiri amasokoneza. ROM hack ndi gemu yakale ya Game Boy Advance kapena DS imene munthu waisintha m'kati, ndipo imaseweredwa pa emulator, pulogalamu yotsanzira makina a magemuwo. Uranium ndi pulogalamu ya Windows yoima payokha. Anaimanga ndi RPG Maker XP pamodzi ndi Pokémon Essentials, phukusi la makodi limene okonda Pokémon ena analemba kuti RPG Maker izitha kuyendetsa nkhondo, kugwira ma Pokémon ndi kusinthika kwawo. Ndiye mukaona tsamba likukulonjezani fayilo ya .gba kapena .apk ya Uranium, dziwani kuti si imene eni ake anatulutsa.

Atatu oyambira

Gemu imayambira ku Moki Town, m'dera lopeka lotchedwa Tandor. Mumasankha kukhala Vitor, Natalie kapena Pluto, kenako Professor Bamb'o amakufunsani mafunso ochepa, ndipo mayankho anu ndi amene amakupatsani Pokémon woyamba. Woyankha ngati munthu wokonda kuukira amalandira Raptorch, wokonda kudziteteza amalandira Orchynx, wapakati amalandira Eletux. Mnzanu wopikisana naye, Theo, amatenga amene ali wofooka kwa wanuyo, zosiyana ndi magemu akale a Pokémon m'mene mnzanu ankatenga wokuposani.

Atatuwa ali ndi mitundu iwiriiwiri kuyambira pachiyambi, ndipo apa m'pamene masamu amayamba kupendekera. Orchynx ndi wa Udzu ndi Chitsulo. Raptorch ndi wa Moto ndi Dothi. Eletux ndi wa Madzi ndi Magetsi. Moto umapweteka Udzu kawiri ndi Chitsulo kawiri, choncho Raptorch akamenya Orchynx mphamvu imawirikiza kanayi. Madzi amapweteka Moto kawiri ndi Dothi kawiri, ndiye Eletux nayenso amamenya Raptorch kanayi. Koma Udzu wa Orchynx ukafika pa Eletux umangowirikiza kawiri, chifukwa Magetsi sawopa Udzu. Kuwonjezera apo, Dothi la Raptorch limapweteka Eletux kawiri, kutanthauza kuti Raptorch ali ndi chomenyera anzake onse awiri. Ampikisano atatuwa sali pamzere umodzi ayi.

Pa ulendo wonse nkhani imatembenuka. Orchynx ali ndi adani awiri okha, Moto ndi Ndewu, ndipo Poizoni samukhudza n'komwe. Amachedwa kupha, koma amachedwanso kufa. Raptorch amaseseratu zonse kumayambiriro, kenako amavutika pamene gemu yakulowetsani m'nyanja ndipo chilichonse chikulavula Madzi. Eletux ndiye wotetezeka kwa munthu watsopano: pa mitundu ya masiku onse alibe mdani womupweteka kanayi. Onse atatu amasinthika kamodzi kokha, asanafike levo 30, kukhala Metalynx, Archilles ndi Electruxo, ndipo kutsogolo amapeza Mega Evolution, kusinthika kwakanthawi kowonjezera mphamvu pa nkhondo. Kusinthika kamodziku n'kwanzeru. Woyambira wanu amakhala wamphamvu ndithu pa ndime zoyamba, ndipo sakhala nthawi yaitali ali pakati, wosakongola komanso wosathandiza, monga zimakhalira ndi oyambira a masitepe atatu.

Mtundu wa Nyukiliya

Ichi ndiye chifukwa chenicheni chosewerera gemuyi. Magemu enieni a Pokémon, kuyambira X ndi Y mu 2013, ali ndi mitundu 18. Uranium inawonjezera wa nambala 19, umene pa sikirini umalembedwa Nuclear, ndipo lamulo lake n'losavuta kuloweza: muvu (njira yomenyera pa nkhondo) ya Nyukiliya imapweteka mitundu yonse kawiri, kupatula Chitsulo ndi Nyukiliya mnzake amene amalandira theka. Mbali inayo, Pokémon wa Nyukiliya amapwetekedwa kawiri ndi mtundu uliwonse kupatula Nyukiliya. Amamenya ngati nyundo, koma thupi lake ndi dzira.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, yerekezerani ndi magemu enieni. Kumeneko palibe mtundu umene umapweteka mitundu yoposa isanu. Ndewu ndi Dothi ndiwo ali pamwamba, uliwonse ndi isanu. Fairy, umene anaubweretsa kuti uchepetse matama a Chinjoka, umapweteka itatu yokha. Nyukiliya umapweteka 17 mwa 18 yakale. Ndipo poti ma Pokémon ambiri ali ndi mitundu iwiri, kawiri kuchulukitsa ndi kawiri ndi kanayi. Pokémon wa Madzi ndi Magetsi, wa Moto ndi Dothi, wa Mdima ndi Ndewu, onsewa amalandira kanayi popanda chimene alakwa. Ngakhale Chitsulo chimene chimaoneka ngati chishango sichithandiza monga mungaganizire: Metalynx ndi wa Udzu ndi Chitsulo, ndiye kawiri kuchulukitsa ndi theka kumapereka kamodzi. Sakukana kanthu, akungolandira mwa masiku onse. Chimodzimodzi Barewl wa Mwala ndi Chitsulo. M'dziko la kanayi, kulandira kamodzi ndi mwayi kale, n'chifukwa chake wosankha Orchynx amapuma bwino pa ndime za m'mafakitale a nyukiliya.

Mukamalimbana nawo ngati adani, ma Pokémon a Nyukiliya ndi chinthu chokoma kwambiri m'gemu yonse. Ndi ma Pokémon wamba amene poizoni wa nyukiliya wawasokoneza, akuda ndi obiriwira mowala, ndipo mtundu wawo wachiwiri walowedwa m'malo ndi Nyukiliya. Gyarados wotere amakhala wa Madzi ndi Nyukiliya: Magetsi amamupha kanayi monga kale, Moto umene kale ankaunyoza tsopano umamulowa kamodzi, ndipo ngakhale muvu ya Normal imamupweteka kawiri. Nkhondo yotere imathera pa funso limodzi, lakuti ndani ayambe kumenya. Zimene munazolowera, zoti ndisinthe Pokémon ndibweretse wokana muvu imeneyi, sizigwira, chifukwa wobwerayo amafa asanaponde pansi. Chimene chimagwira ndi liwiro ndi mamuvu odumpha mzere. Quick Attack, kamuvu ka mphamvu 40 kamene anthu amakafufuta msanga, pano kamasanduka chuma. Aqua Jet, Mach Punch ndi Extreme Speed chimodzimodzi. Musanalowe dera la nyukiliya, onetsetsani kuti awiri mwa asanu ndi mmodzi anu ali ndi muvu yotere, ndipo woyambira nkhondo akhale wothamanga kwambiri kapena wa Chitsulo.

Kuwagwira n'kovuta pa chifukwa chomwecho. Mukufuna kumufooketsa, mwangomukhudza, wafa. Njira yabwino ndi kumugoneka tulo kapena kumuumitsa ndi muvu yosachotsa moyo, n'kuyamba kuponya mipira yogwirira moyo wake udakali wodzaza. Mukamugwira mupeza msampha wina umene opanga anatchera dala: ma Pokémon osokonezekawa nthawi zina samvera. Mumalamula, iye amachita zake. Pa Pokémon amene amafa ndi kumenya kumodzi, kusamvera kamodzi ndiye kutha kwake. Apa opanga anaganiza bwino. Anakupatsani mphamvu yoopsa n'kuikapo mtengo wake.

Vuto ndi lakuti anasiya khomo lina losatseka. Pali ma Pokémon ochepa amene Nyukiliya ndi chibadwa chawo, ndipo amenewa amamvera bwinobwino. Wodziwika kwambiri ndi Nucleon, amene amachokera kwa Eevee akakwera levo muli Pokémon wa Nyukiliya m'gulu lanu. Nucleon ali ndi luso lotchedwa Atomizate, limene limasandutsa mamuvu a Normal kukhala a Nyukiliya. Tengani Hyper Voice, ya mphamvu 90. Poti tsopano ikufanana ndi mtundu wa mwini wake, imachulukitsidwa ndi 1.5 kukhala 135. Pa mdani wa mtundu umodzi ndi 270. Pa wa mitundu iwiri ndi 540, ndipo apo sitinawerengere zimene Atomizate payokha imawonjezera. Mukamumangirira Choice Scarf, kansalu kowonjezera liwiro ndi theka koma kokukakamizani kubwereza muvu imodzi, chilango cha kansaluko chimakhala chopanda ntchito, chifukwa muvu ina mukuifuniranji? Pa nkhondo za awiriawiri Hyper Voice imamenya adani onse awiri nthawi imodzi. Kuchokera pamenepo atsogoleri a majimu (malo amene mumalimbana ndi mtsogoleri kuti mupambane baji), amene magulu awo anakonzedwa mosamala, amangogwa mmodzimmodzi inu mukudina batani lomwelo.

Si Nucleon yekha. Inflagetah, wa Moto, ali ndi luso lowonjezera mphamvu ya mamuvu odumpha mzere komanso muvu yakeyake yotere, Flame Impact, ndiye amamenya poyamba ndiponso mopweteka. Yatagaryu, wa Chinjoka ndi Magetsi, ndi wina amene akalowa m'gulu anzake amasowa ntchito. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anaonapo magemu a anthu wamba: wopanga amakonda cholengedwa chake, amachipatsa manambala abwino, luso labwino ndi muvu yabwino zonse pamodzi, ndipo palibe gulu la oyesa lolipidwa loti limuuze kuti apa mwapyola. Malangizo athu ndi akuti pa ulendo woyamba musagwiritse ntchito Nucleon, kapena mumusunge ngati wopulumutsa zikavuta. Gemu imene ili pansi pake ndi yokoma kuposa imene iye amakusiyirani.

Majimu

Majimu alipo 8, ndipo ambiri satsatira mtundu umodzi koma malo kapena mutu wa nkhani. Maria ku Nowtoch City amayamba mwachizolowezi ndi a Normal, koma Davern ku Burole Town amabwera ndi zokhala m'phanga, Cali ku Bealbeach City ndi za m'mphepete mwa nyanja, Vaeryn ku Snowbank Town ndi Ayisi wosakaniza ndi Chinjoka, ndipo jimu yomaliza ku Tsukinami Village ili ndi atsogoleri awiri, Hinata ndi Kaito. Zotsatira zake n'zabwino: simungalowe ndi Pokémon mmodzi wa mtundu woyenera n'kutuluka ndi baji. Mumafunika gulu lenileni. Kumapeto kulibe Elite Four, akatswiri anayi amene mumalimbana nawo pomaliza m'magemu enieni. Kuli mpikisano wochotsana, ndipo umamveka ngati chimake cha ulendo osati makomo anayi ondondozana.

Chimene chikutsimphina ndi kakweredwe ka malevo. Pali malo amene ophunzitsa a m'njira ndi ofooka, ndiye mumafika pa jimu muli m'mbuyo ndi malevo angapo popanda chokuchenjezani. Wosewera ndi ma Pokémon awiri kapena atatu okha sazimva, chifukwa mapointi onse amapita kwa iwo. Wolera asanu ndi mmodzi mofanana, amene gemu yomweyo ikumulimbikitsa kutero ndi majimu osakanizawa, ndi amene amalangidwa. Amabwerera m'tchire kukazungulira m'maudzu. Apa gemu ikudzitsutsa yokha. Njira yochepetsera vutoli ndi kusalumpha mphunzitsi aliyense wa m'njira, ndi kusadzaza gulu msanga: anayi mpaka baji yachitatu kapena yachinayi akukwana.

Ndime za panyanja, pakati pa kumadzulo ndi kum'mawa kwa Tandor, n'zazitali ndipo zilombo zimakudumphirani pafupipafupi. Gulani Repel wokwanira musanachoke kumtunda. Wamba amagwira masitepe 100, Super Repel 200, Max Repel 250, ndipo onsewa amangothamangitsa ma Pokémon a levo yotsika kuposa amene ali patsogolo m'gulu lanu. Mukaika kamwana patsogolo kuti kakule, ndalama ya Repel mwataya.

Nkhani yake

Magemu a Pokémon sakonda kuchita zinthu zosabwezeka. Uranium imachita. Mayi anu, Lucille, anasowa pa ngozi ya fakitale ya magetsi a nyukiliya ya Epsilon zaka 10 gemu isanayambe. Bambo anu, Kellyn, amene ndi Pokémon Ranger, anadzikwirira mu ntchito n'kukusiyani kwa azakhali. Mukamakula pa ulendowu mafakitale ena amayamba kuphulika, ndipo pali wina wovala zobisa nkhope, CURIE, pamodzi ndi Pokémon wotchedwa Urayne, amene akudya mphamvu ya nyukiliyayo. Ndime imene imagwira mtima kwambiri ndi ya Vinoville: tauni ya minda imene mwayendamo, mwalankhula ndi anthu ake, mwapambanamo baji, kenako anthu onse akusamutsidwa ndipo malowo awonongeka. Sizichitika kawirikawiri m'magemu a mtundu uwu kuti malo amene munawazolowera akulandeni.

Ubale wa mwana ndi bambo wosowa pakhomo analemba mwaulemu, mosakokomeza. Theo amayamba ngati kamwana kolira kakagonja, kotopetsa, koma amakula m'maso mwanu, ndipo pofika kumapeto mumamumvera chisoni ndi kumulemekeza. Amaposa anzake ambiri a m'magemu enieni.

Zofooka zake ndi za kalembedwe. Mawu amasinthasintha ngati analemba anthu osiyana pa zaka zosiyana, ndipo gemu ya zaka 9 n'zimene imakhala: amene anayamba ali achinyamata anamaliza ali akuluakulu. Chithunzi china chikukamba za imfa ndi anthu othawa kwawo, chotsatira ndi nthabwala za pa intaneti kapena gulu la ma ninja oyenda pa mafunde. Chinsinsi cha amene ali kuseri kwa chovala cha CURIE sitiulula, koma munthu wotchera khutu pa mphindi zoyambirira amachidziwa kale gemu isanafike pakati, ndiye kubisa kwa maola ambiri kumangochedwetsa. Zokambirana zina n'zazitali ndipo mukagonja pa nkhondo yotsatira mumazionanso. Sevani musanalowe chipinda chilichonse chooneka kuti muli bwana.

Ma Pokémon atsopano

Alipo oposa 150, m'Pokédex (mndandanda wa ma Pokémon a m'gemu) ya malo 200, ndipo otsalawo ndi akale osankhidwa. Ena ndi okongola moti mungawaike m'gemu yeniyeni osazindikira: Owten, wosakaniza kadzidzi ndi mphaka, Baashaun ndi akuluakulu ake, nkhosa zakuda zandewu, Orchynx amene. Opanga anachitanso chinthu chimene okonda Pokémon ankapempha kwa zaka, kupatsa ma Pokémon oiwalika kusinthika kwatsopano. Dunsparce amakhala Dunseraph, wa Chinjoka ndi Wouluka. Primeape amakhala Empirilla. Corsola amakhala Corsoreef. Game Freak inadzapatsa Dunsparce ndi Primeape kusinthika kwawo mu 2022, patapita zaka 6.

Koma dzanja si limodzi. Zithunzi zina n'zosalala, mithunzi ili m'malo mwake. Zina mizere yake ndi yokhuthala, mitundu yachita phokoso, ndipo mukaziika pafupi ndi Gyarados kapena Eevee wojambulidwa ndi akatswiri kusiyana kumaoneka msanga. Nyimbo nazo zili chomwecho, zina zabwino kwambiri, zina zosagwirizana ndi malo ake.

Injini ndi mavuto ake

Dandaulo lalikulu la aliyense wosewera Uranium ndi kujama. RPG Maker XP inatuluka ku Japan mu 2004. Mwachibadwa imayenda mafelemu 40 pa sekondi, osati 60, ndipo makodi ake ndi a chinenero cha Ruby chakale, chochedwa. Ntchito yambiri imagwera pa purosesa, pa mutu wake umodzi, osati pa khadi la zithunzi. N'chifukwa chake kompyuta yodula ya magemu imathanso kujama pa gemu yooneka ngati ya DS: khadi lamphamvulo langokhala, ntchito yonse yaunjikana pa kanjira kamodzi. Injiniyi anaipangira magemu ang'onoang'ono. Essentials inaikapo katundu wolemera, Uranium n'kuwonjezera mapu akuluakulu, anthu ambiri oyendayenda, nyengo ndi zithunzi zogwedezeka pa nkhondo. Munthu aliyense, chitseko chilichonse, chikwangwani chilichonse pa mapu ndi kanthu kamene injini imakayang'ana pa felemu iliyonse. M'matauni akulu ngati Bealbeach ndi Venesi m'mene mumamva kulemera kwake.

Kuthetseratu sikutheka, koma kuchepetsa kumatheka. Chepetsani kukula kwa windo m'ma options. Kudzaza sikirini yonse kumawonjezera ntchito. Ngati ndi laputopu, ilumikizeni ku magetsi ndipo ichotseni pa dongosolo losunga batire, chifukwa limatsitsa liwiro la purosesa, chinthu chokhacho chimene gemuyi ikudalira. Tsekani burawuza. Mukasewera maola angapo n'kuona kuti yayamba kulemera, sevani, itsekeni, muitsegulenso.

Poika gemu, masulani foda yonse kuchoka mu zip musanadine chilichonse. Mukaitsegula ili m'kati mwa zip imadandaula kuti fayilo ya RGSS yothera ndi .dll ikusowa, pamene fayiloyo ili pomwepo. Uthenga womwewo umabweranso ngati antivirus yaitenga fayiloyo n'kuitsekera. Zilembo zikamaoneka zopyola m'mabokosi kapena zodukaduka, ndiye kuti mafonti a gemu sanalowe mu Windows. Alowetseni pamanja kuchokera mu foda ya mafonti, kenako muyambitsenso gemu. Pa Mac ndi Linux anthu amadutsira pa Wine, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu a Windows, koma kumeneko mavuto amachuluka.

Sevu yanu ndi fayilo yothera ndi .rxdata, ndipo imakhala mu foda ya Saved Games ya Windows, osati mu foda ya gemu. Ikopereni kwina mukapambana baji iliyonse. Gemu ikazima ili m'kati moseva, fayiloyo imatha kuwonongeka, ndipo palibe ofesi yoti mukadandaule. Dziwaninso kuti mu RPG Maker XP batani la F12 ndi lobwezera gemu poyambira osafunsa, pamene m'mapulogalamu ena ndi lojambulira sikirini. Chala chisapite kumeneko musanaseve.

Gemu imene inatuluka mu Ogasiti 2016, yotchedwa 1.0, inali ndi zolakwika zambiri. Eni ake anasiya ntchitoyi mu Seputembala 2016, koma okonda gemuyi ena anaitola n'kupitiriza kutulutsa ma patch, mafayilo okonza zolakwikazo. Musasewere 1.0 yosakonza, ikani patch yatsopano musanayambe ulendo, osati muli pakati.

Pambuyo pa mpikisano, ndi za pa intaneti

Mukapambana mpikisano, gemu imaphwa msanga. Pali zochita zochepa, koma zikuonekeratu kuti opanga ankafuna kuwonjezera zambiri. Ena mwa ma Pokémon a m'nthano za Tandor ali ndi malo m'Pokédex, anthu a m'gemu amawatchula, koma gemu inatuluka popanda njira yowagwirira. Kwa munthu amene chimwemwe chake ndi kudzaza Pokédex, ichi n'chowawa, ndipo ndi bwino kuchidziwa musanayambe.

Gemuyi inabwera ndi kusinthanitsa ma Pokémon pa intaneti, kuphatikizapo GTS (kuika Pokémon wanu n'kutchula amene mukufuna) ndi Wonder Trade (kusinthana mwamwayi ndi munthu wosamudziwa), zimene pa gemu ya RPG Maker mu 2016 zinali zodabwitsa. Koma maseva ake amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndiye musamange gulu lanu modalira kuti mawa adzakhala akuyenda. Wonder Trade ili ndi vuto linanso: ikhoza kukupatsani Pokémon wamphamvu mukadali pa baji yoyamba, n'kuphwanya kakonzedwe konse ka ndime zoyambirira.

Za malamulo n'zosabisa. Dzina, zilombo zakale ndi kayendedwe ka gemu ndi za eni Pokémon, ndipo kukhala yaulere sikusintha zimenezo. Mu 2016 momwemo Uranium inasankhidwa kupikisana nawo pa The Game Awards m'gawo la zopangidwa ndi okonda magemu, pamodzi ndi AM2R, gemu ya Metroid ya anthu wamba. Zonse ziwiri zinachotsedwa pa mndandanda mwambo usanachitike. Mu 2018 Pokémon Essentials nayo inatsitsidwa pa tsamba lake. Tanthauzo lake kwa wosewera ndi lakuti palibe malo ovomerezeka ndi kampani otengako gemuyi, ndipo m'mpata umenewo mwalowa masamba achinyengo. Tsamba lofuna ndalama, lofuna nambala ya foni, kapena lokuuzani kuti muyambe mwaika pulogalamu ina yodawunilodera, lisiyeni. Fayilo iliyonse imene mwapeza iyambe yadutsa pa antivirus.

Nuzlocke

Poyamba gemu yatsopano, Uranium imakufunsani ngati mukufuna Nuzlocke, malamulo amene osewera anadzipangira okha: mumagwira Pokémon woyamba yekha amene mwakumana naye m'dera lililonse, ndipo wokomoka amatengedwa kuti wafa. M'magemu enieni mumadzilondera nokha. Pano gemu ndi imene imakulonderani, ndipo ndi chinthu chabwino kuti anachiikamo. Koma pa ulendo woyamba musayerekeze. Nuzlocke imakoma pamene imfa ikubwera chifukwa cha kulakwitsa kwanu, ndipo kuti mulakwitse muyenera kukhala mukudziwa chimene chili patsogolo. Pano zilombo ndi zachilendo, mitundu yake simungailote poyang'ana chithunzi, majimu ndi osakaniza, ndipo m'dera la nyukiliya kanthu ka m'tchire kothamanga kuposa inu kakhoza kupha Pokémon wa moyo wodzaza amene mwamulera kuyambira ku Moki Town. Isungireni ulendo wachiwiri, mutadziwa pamene pali mafakitale ndi amene amathamanga kuposa mnzake. Pa ulendo umenewo sankhani Orchynx, gwirani Barewl mukamupeza m'phanga, ndipo musafufute Quick Attack pa aliyense amene ali nayo.